A Malume a m'Laputopu

Anzanga, ine pa Mbulumbuzi pano amandidziwa. Sikelo ya nandolo ndaigwira zaka zambiri, wondipusitsa pa malonda sanabadwe, Chizungu changa ndinaphunzirira pa matumba a feteleza koma chimandikwanira. Ndiye tamverani mmene chidole cha m'kompyuta, chopanda ndi mayi ake omwe, chinandivulira ulemu dzuwa likuswa mtengo.

Mphunzitsi wina posamuka anandisiyira laputopu, ine n'kumupatsa njinga yanga yakale ija yopanda mabuleki. Cholinga chinali chabwinobwino: kuipukuta, kuona ngati ikuyaka, n'kuigulitsa. Linali Loweruka, ndipo masana amenewo ndinkadikira a malume a akazi anga, eni mbumba, kuti adzandiyankhe za kamalo ka m'mphepete mwa msewu kamene ndinakhala ndikupempha kuti ndimangepo sitolo. Paja ine ndine mkamwini. Pamudzi pano changachanga n'chipewa chokha.

Ndinati podikirapo ndiyeseko gemu imene inalimo. Ndavala mahedifoni, ndangozipeza ndili dziko lina lakumwamba, madzuwa awiri, zilombo zonga nkhanu zovala zitsulo zikulavula moto wobiriwira. Ndiye akundiuza kuti usaope, takupatsa asilikali anayi okuthandiza. Okuthandiza! Amene analemba mawu amenewo Mulungu amukhululukire.

Woyamba anathamanga molunjika kukakumbatira chipolopolo ngati waona m'bale wake wochokera ku Joni. Sitinadziwane n'komwe. Wachiwiri ankawombera mwala, mwala wosalakwa, mwakhama ngati akuphwanya miyala pa ganyu ku Njuli. Wachitatu ndinamusiyira chiwongolero cha galimoto chifukwa ankaoneka wopita kusukulu, iye n'kutigwetsera kuphompho tonse, kwinaku akukuwa m'Chizungu kuti tikuyenda bwino. Kodi wakabaza woledzera sakanachitako bwino pamenepa?

Koma mwini nkhani ndi wachinayi. Wamimba, ndevu zapamlomo, kuyenda ngati dziko ndi la bambo ake. Ntchito yake inali imodzi: kuima pakhomo. Ndikafuna kuthawa, ali pakhomo. Ndikafuna kulowa, ali pakhomo. Ukamukankha amangokuyang'ana n'kunena kuti ali nawe limodzi. Ndinamuyang'anitsitsa, mimba ija, ndevu zija, kusasuntha kuja, ndipo satana anandinong'oneza dzina. Ndinamutcha Malume.

Kenako ndinatulukira kuti umatha kusinthana nawo mfuti. Apa magazi a malonda anawira. Ine ndinali ndi chimfuti cha mabomba chotsala ndi bomba limodzi lokha, Malume ali ndi kamfuti konyezimira kodzaza bwino. Ndinamukankhira changa n'kulanda kake, ndikuseka ndekha kuti ndamudyera masuku pamutu. Ndikanadziwa bwanji kuti kwa anthu amenewa zipolopolo sizitha? Ndinapatsa wamisala nkhokwe ya mabomba, ine n'kutsala ndi tochi.

Zilombo zinabwera mulu. Ndathawira m'kachipinda, ndati nditulukire kuseri, pakhomo pali ndani? Apa n'kuti nditaiwala kuti ndili pabalaza panga, ndipo munthu wotseka makutu sadziwa kukula kwa mawu ake.

"Malume, chokani pakhomopo! Mwaima ngati chitsa bwanji? Chimimba ngati thumba la madeya! Tasunthani ndisanakuwombereni kumbuyoko!"

Ndinangomva mahedifoni akuzulidwa. Anali akazi anga.

"Bambo a Chisomo! Odi katatu konse!"

Pakhomo, pakhomo penipeni pa nyumba, panali a malume enieni, chipewa chili m'manja, nsapato atavula kale.

Munthu wanzeru akanagwada n'kutseka pakamwa. Ine, katswiri wa kukamwa, ndinati ndikonze zinthu.

"Pepani a malume, sindimanena inu. Ndimanena awa." N'kuwatembenuzira laputopu.

Analowa pang'onopang'ono, anavala magalasi, anawerama. Msilikali wamimba uja n'kuti atagunditsa mphuno kukhoma, miyendo ikuthamanga koma osapita kulikonse.

"Ndiye ineyo ndi ameneyu?"

"Ayi, kungoti... ndevuzo basi."

"Mwatchulanso mimba."

"Ndi msilikali wolimba mtima kwambiri, a malume. Gulu lonse limadalira iyeyu."

Ngati wamva kuti akumuyamikira, msilikali uja anatembenuka, anakweza chimfuti chimene ndinamupatsa ndekha ndi manja anga, n'kuwombera khoma limene tinatsamira tonse awiri. Phuu! Paliponse psuu, munthu wanga gada, miyendo m'mwamba.

A malume analoza pa laputopupo ndi chala.

"Wagona apayu ndi inu, akamwini?"

"Ndine."

"Mwafa?"

"Ndafa, a malume."

"Wakuphani ndi ine?"

Ndinayang'ana akazi anga. Akazi anga anayang'ana kudenga.

"Ndi inu."

Anavula magalasi, anawapukuta ndi m'mphepete mwa malaya, n'kuwabwezera m'thumba mosafulumira.

"Chabwino. Ine ndimabwera kudzakuonetsani malire a malo aja. Koma kwathu kuno akufa sitiwapatsa malo a pamsewu. Awo ali kuseri kumitengo uko, ndipo sachita kupempha."

Anavala nsapato zawo n'kumapita, ngakhale mpando osaukhudza.

Lero pamalo paja mkamwini mnzanga, wokwatira mng'ono wa akazi anga, akukazingapo tchipisi, ndipo ndikamadutsa amaima njo n'kupereka sawatcha ngati msilikali. Ndalumbira pamaso pa mayi a Chisomo kuti nkhondo yakumwamba ndasiyira eni ake. Ndipo satana akadzandibwezerako, asilikali onse ndidzawatcha mayina a abale anga a ku Nchema. Amenewo amabwera pa Khirisimasi pokha, ndipo amayamba aimba foni.