Khutu Limodzi ndi Khadi la Chipani

Lolemba

Dandaulo, kwa aliyense amene likumukhudza. Ine, mwini digiri ya uphunzitsi, ndikudandaula mwamphamvu za wojambula zithunzi wa pafupi ndi siteshoni ya Balaka, amene wandipatsa nkhope ya khutu limodzi. M'kanyumba kake ndinalowa ndi makutu awiri, mboni zilipo. Iye akuti: "Linalo lili kuseri, aphunzitsi. Aboma akudziwa."

Aboma akudziwa chimodzi chokha: ndinabadwira kutsidya kwa Nayuchi, ku Mozambiki. Ndakulira kwa amalume ku Nsanama, ndimalota m'Chichewa, ndimatukwana m'Chiyao, koma papepala ndine wophunzira wakunja. Chilolezo changa cha sukulu chikutha Lachisanu. Bambo mfumu a sukulu ya mishoni andisungira malo ophunzitsa, bola ndibweretse kapepala kachidindo kosonyeza kuti ndapempha chilolezo cha ntchito. Apo ayi, kwathu. Kwathuko kuli nkhondo, ndipo sindikudziwa ngakhale njira ya kuchitsime.

Choncho sabata ino sindilakwitsa kanthu. Malamulo anga:
Inki yakuda.
Fomu osaipinda.
Zithunzi ziwiri, makutu anayi.
Osamvera malangizo a munthu aliyense.

Lachiwiri

Wojambula wina ali m'kati mwa msika. Ndiyamba ndameta, poti tsitsi lambiri aboma amaliona ngati maganizo oipa. Mutu ngati dzungu!

Pachipata cha msika pali achinyamata a chipani, chingwe chili chomangamanga. Khadi! Ndikuwafotokozera mofatsa, mwaulemu, ndi mfundo zitatu, kuti ine ndine mlendo ndipo khadi ndi la nzika. Ndafotokoza bwino kwambiri, ndiye vuto lake. Wamtali uja akuti: "Mlendo wa Chichewa chotere? Achimwene, musatiseweretse."

Ndagula. Alembapo dzina langa, mudzi Nsanama. Zithunzi zatuluka, makutu onse alipo, koma maso ngati mbuzi yaona mpeni.

Lachitatu

Bambo mfumu andipatsa m'manja kalata yoikira umboni kuti andisungira ntchito. Akuti pali mtsikana wina wa ku Ntcheu, mapepala ake ndi athunthu, akudikira yankho Lolemba. Anena izi akumwetulira. Anthu a Mulungu amadziwa kubaya mofatsa.

Masana ku Nsanama, kukatenga pasipoti imene amalume amasunga m'chitini pansi pa matumba a nandolo. Ikununkha mankhwala a anankafumbwe.

Amalume aona khadi lija, akondwa kuposa tsiku limene ndinabweretsa digiri. "Alhamdulillah, wayamba nzeru. Ili uike pamwamba pa mapepala onsewo. Dziko lino popanda khadi ngakhale nkhuku sugulitsa."

Ndawayankha kuti zaka zinayi za ku yunivesite sizilandira malangizo kwa munthu woyeza nandolo pa sikelo. Mumtima, ndithu. Pakamwa ndangoti chabwino amalume.

Lachinayi

Fomu ndalemba kaye papepala lina kasanu. Kenako yeniyeniyo, nditasamba m'manja, nditatseka zenera kuopa ntchentche. Palibe chofufuta, palibe dontho. Ikanakhala ndi khoma lake bwenzi ndikuipachika.

Nanga kalaliki akafunsa khadi? Aliyense amafunsa khadi: m'basi, kumsika, kuchigayo. Nanga akaganiza kuti ndimanyoza boma londisunga? Nanga atsegula envelopu, aona digiri yokhayokha, nati kamnyamata kodzimva?

Ndaika. Ndachotsa. Ndaika. Ndamanga ndi phini, pamwamba penipeni. Chowonjezera sichingapweteke munthu.

Lachisanu

Sitima ya m'mawa, envelopu pachifuwa ngati khanda. Benchi la ku ofesi yopereka zilolezo maola atatu.

Kalaliki, bambo wa tayi yofiirira, akuwerenga fomu yanga mzere ndi mzere. Akuti chiyambireni ntchito sanaonepo yoyera chonchi. Chidindo chili m'manja, chakwera m'mwamba. Ndiye diso lake ligwera pa phini.

"Ili ndi la nzika, bambo. Ngati ndinu nzika, chilolezo simukuchifuna. Ngati ndinu mlendo, mwalipeza bwanji?"

Ndikuti basi tingolichotsa. Iye ayang'ana chithunzi chachikulu cha pulezidenti pakhoma, ayang'ana ine, atsitsa mawu: "Ndilembe kuti mwachotsa khadi la chipani pamaso panga?"

Iyayi! Iyayi, bwana, lisiyeni pomwepo, ndimalikonda!

Chidindo chabwerera m'kabati. Akuti ndikatenge kalata kwa tcheyamani wa nthambi yonena kuti khadi anandigulitsa molakwitsa. Mapepala anga alowa m'thireyi ya zodikira, pansi pa kapu ya tiyi. Koloko ikuti hafu folo. Chilolezo changa chikufa ine ndikuonerera.

Loweruka

A tcheyamani ndawapeza akupopa njinga. Amvetsera nkhani yonse, mutu akugwedeza ngati dokotala.

"Aphunzitsi, mukufuna ndilembe ndi dzanja langali kuti chipani chinalakwitsa? Ine ndili ndi ana asanu ndi awiri."

Afunsa ngati mayi anga kutsidyako ali nalo khadi. Ati angandipatsiretu la mayiwo, poti mawa sadziwika.

Pobwerera ndaona wapolisi akugula chinangwa. Ndakhota, ndalowa m'tchalitchi, ndagwada mphindi makumi awiri. Sisitere wina wandiyamikira chifukwa cha kupemphera.

Lamulungu

Bambo mfumu ati andikumbukira m'mapemphero, ndipo mtsikana wa ku Ntcheu ayamba mawa. Katundu wanga ali kale ku Nsanama. Amalume andiika pa sikelo ya nandolo, kuseri kwa sitolo, kumene anthu a tayi safikako. "Apa palibe wofunsa chilolezo. Amafunsa khadi basi, ndipo iwe uli nalo."

Ndilibe, amalume. Lili pansi pa kapu ya tiyi. Mawa ndikagula lina.

Ndaunika bwinobwino amene anayambitsa zonsezi, ndipo ndi wojambula wa kusiteshoni uja. Akanajambula makutu awiri, sindikanaponda mumsika. Choncho ndikulamula kuti andibwezere izi pasanathe masiku asanu ndi awiri: tsitsi langa lonse, monga linalili, zaka zinayi za ku yunivesite, zosagwiritsidwa ntchito, ndi khutu lija. Ndipo tsiku limene apolisi adzabwere kudzanditenga kupita nane kumalire, akakwere ndi wojambulayo. Akafunsa ine ndili kuti, adzawauze kuti ndili kuseri, aboma akudziwa.