Mkamwini wa Galimoto Zitatu

Pulani inabadwa Lachisanu masana kwa Mama Leticia ku Nellmapius, patebulo la pulasitiki lomwe mwendo wake umodzi unkatsamira njerwa. Mapulani akuluakulu a Amalawi a ku Joni amabadwira malo otere, ndipo ambiri amafera pomwepo mowa ukatha. Iyi yokha inakana kufa, chifukwa mwini wake anali pamoto.

Mwini wakeyo anali Grain, wa m'gadeni kwa mzungu wina dzina lake Morton ku Lynnwood. Morton anali ndi nthenda ya galimoto za mtundu umodzi, zija za ku Japan zomwe anazipangira mpikisano wa m'misewu yafumbi kenako n'kuyamba kuzigulitsa kwa aliyense wokonda liwiro. Anayamba ndi yakale, yabuluu, ya marimu agolide ndi phiko kumbuyo ngati thandala. Patapita zaka anagula yotsatira, ya maso ozungulira ngati a chule ndi mphuno yotseguka pabonati. Posachedwapa anabweretsa yatsopano, yosalala, yolira ndi batani. Sanagulitsepo ngakhale imodzi. Grain ankazitchula Gogo, Bambo ndi Mdzukulu, ndipo ankalankhula za tabo, kachipangizo kopemerera mpweya mu injini, mpaka anzake anamupatsa dzina loti Bwana Tabo.

Ntchito yake pagalimotozi inali kutsuka basi. Koma munthu akatsuka chinthu zaka zambiri mtima umayamba kumunamiza. Nthawi iliyonse Morton akagula ina, Grain ankaitsamira bwinobwino, kiyi wa kashedi ka makasu ali m'manja, n'kudzijambula. Ku Ntcheu kwawo anthu ankaona pafoni mwana wawo akukwera kuchoka pa Gogo kufika pa Mdzukulu, ndipo Jenifer, chibwenzi chake, anakana mphunzitsi wina wa njinga yamoto chifukwa cha zithunzizo.

"Madala ake a Jenifer, Bambo Elson, akufika mawa," anatero Grain, akuzunguza botolo patebulo. "Atsikira pa depoti ya mabasi ya Bosman. Akuti akudzaoda zovala, koma eish, ndikudziwa akudzaoda ine. Za chinkhoswe akuti tikamba m'galimoto."

"M'galimoto yanji?" anafunsa Geofrey, yemwe ankadziwika ndi dzina loti Sipanala chifukwa anagwirapo ganyu yopatsira zitsulo kwa amakanika a ku Biwi.

"Ndiye nkhani yake imeneyo. Bambo Elson ndi munthu wovuta. Anandifunsa pafoni kuti, kodi mkamwini, zithunzi zanu zonse mumaima panja, m'katimo simulowamo?"

Wachitatu pagulupo, Kumbukani, anapukusa mutu. Iyeyu anali M'busa, osati chifukwa cha mpingo, koma chifukwa ankapempherera mowa asanamwe ndipo ankaopa chilichonse, kuyambira apolisi mpaka mphaka wakuda.

Sipanala anakankhira mabotolo pambali n'kuyamba kuphunzitsa. Morton wapita kunyanja ku Durban mpaka Lolemba. Grain ali ndi rimoti ya geti ndipo akudziwa msomali womwe pamakhala makiyi. Atenge galimoto imodzi, akanyamule apongozi, awazungulitse tauni yonse mpaka mutu uwawe, kenako galimotoyo ikathere ku Winterveld kwa mkulu wina amene amagula zinthu osafunsa mafunso.

"Mdzukulu ayi, bra," anatero Sipanala. "Ameneyo amalankhula ndi setilaiti. Ukangomukhudza, akuulula komwe uli. Bambo nayenso ali ndi alamu ya mkamwa ngati mkazi wa landilodi. Koma Gogo? Kiyi, kalachi, moto. Inapangidwa nthawi yomwe anthu anali asanayambe kukayikirana."

"Nanga apongozi akafunsa yatsopano ija?"

"Uwauze kuti achikulire timawanyamula payachikulire. Ulemu umenewo."

Grain anaona kuti mawuwo anali anzeru kuposa onse omwe anamvapo chifikireni ku Joni, ndipo anaitanitsa mowa wina. M'busa anaupempherera.

Loweruka m'mawa dzuwa lili phwee, akatswiri atatu anatsika takisi ku Lynnwood. Grain anali mu suti yobwereka, yomwe mwini wake anali wamfupi kuposa iye. Anatsegula geti, onse analowa, geti linadzitseka lokha monga mwa nthawi zonse, ndipo iye anaponya rimoti m'thumba la kumbuyo la thalauza. Mpanda wa nyumbayo unali wautali, wa mawaya amagetsi pamwamba, koma zimenezo sizinkawakhudza anthu otuluka pagalimoto.

M'galaja munali zitatu zija, zitandandalikana monga mwa msinkhu. Grain anatsegula chitseko cha Gogo. Zaka zonsezi ankaidziwa kunja kokha, chifukwa m'katimo Morton ankapukutamo yekha. Mpando wake unali wakuya ngati beseni, ndipo m'malo mwa lamba mmodzi munali malamba anayi, awiri a m'mapewa ndi awiri a m'chiuno, onse okumanira pa kachitsulo kozungulira pamimba.

"Khala, ndikumange," anatero Sipanala. "Madala akakuone kuti ndiwe wa mpikisano wa rale weniweni."

Anamumanga ndithu. Anakoka lamba uyu, n'kukoka uyo, mpaka suti inakwinyika ndipo Grain ankapuma ndi theka la chifuwa. Koma anamva kukoma. Kwa nthawi yoyamba anali kuona dziko kudzera pagalasi lomwe ankalitsuka.

"Achimwene," anatero M'busa chapansipansi, "icho n'chiyani?"

Pakagalasi koonera kumbuyo panali kathumba kansalu yofiira, komanga ndi chingwe pakamwa, kolembedwa zilembo zagolide zosawerengeka.

"Kanabwera ndi galimoto kuchokera ku Japan," anayankha Grain. "Bwana amakakonda."

"Ndiye chithumwa chakunja chimenecho. Galimoto iyi ndi yotsirika."

"Mzungu angatsirike galimoto?" Sipanala anaseka. "Iwe M'busa, ife ndife anthu a sayansi. Kayang'ane kugeti."

Grain anapotokola kiyi. Gogo anadzuka ndi mkokomo womwe unagwedeza zitini za penti pashelefu. Pafupi ndi giya panali kaswitchi kophimbidwa ndi kachivindikiro kofiira, ndipo Sipanala, munthu wa sayansi uja, anakatsegula n'kukadina.

"Eyakoni," anatero. "Apongozi asakatuluke thukuta."

Sikanali ka eyakoni. Morton anaikitsa kaswitchi kameneka chifukwa cha masiku ake a mpikisano, ndipo ntchito yake inali yoti woyendetsa akachotsa phazi pamoto, mafuta aziphulikira m'paipi ya utsi kuti tabo isagone. Grain, yemwe anaphunzira kuyendetsa pa lole ya kabichi ku Lizulu, anaponda moto mwamphamvu monga lole imafunira, galimoto inalumpha chambuyo kutuluka m'galaja, iye anachita mantha n'kuchotsa phazi.

Pha. Pha-pha-pha. Malawi a moto anatuluka kumbuyo, agalu a mumsewu wonse anayamba kuuwa.

Sipanala anapezeka ali chafufumimba m'maluwa omwe Grain anathirira dzulo lake. "Akutiombera, bra. Zimitsa, zimitsa."

Grain anaponda buleki, anapotokola kiyi n'kumuzula. Injini inapitiriza kulira.

Anayang'ana kiyi m'dzanja lake. Anayang'ana bowo la kiyi, lopanda kanthu. Anamvetsera. Gogo anali kung'ung'udza modekha ngati palibe chomwe chachitika. Eni galimoto zamtunduwu amadziwa kuti zakale zija ena amaziikira kachipangizo kosiya injini ikulira kwa kanthawi kuti tabo izizire. Koma eni akewo anali ku Durban, ndipo ku Lynnwood kunali M'busa, yemwe anali atagwada kale pakapinga.

"Ndinanena ine," anatero. "Galimoto yolira yopanda kiyi munaionapo kuti?"

Grain anaganiza zotuluka. Anafufuza batani lofiira la lamba, lija lili m'galimoto iliyonse ya anthu abwinobwino, koma panalibe. Anadina kachitsulo ka pamimba, anakakoka, anakamenya ndi chibakera. Akamavutika, malamba ankangomuluma m'mapewa.

"Sipanala, tandimasula."

Sipanala anakwawa kuchoka m'maluwa, anadina, anakoka, anatukwana m'Chizulu. Kenako anabwerera m'mbuyo pang'onopang'ono, maso ali pa kathumba kofiira kamene kankagwedezeka ndi kulira kwa injini.

"Tipatse rimoti," anatero, mawu atachepa. "Tikaitane thandizo."

Aliyense ankadziwa kuti thandizo limenelo linali takisi yobwerera ku Nellmapius. Koma rimoti inali m'thumba la kumbuyo, pansi pa Grain, Grain ali m'beseni, beseni litamangidwa ndi malamba anayi omwe Sipanala yemweyo anakoka ndi mtima wake wonse. Ngakhale chala sichikanalowa.

"Kwathu ku Mulanje izi si zachilendo," anatero M'busa, misozi ili m'maso. "Wakuba akalowa pamalo otsirika satuluka. Mwini wake amadzamupeza akusesa pabwalo. Mankhwala amafuna uwagonjere. Ukalimbana nawo umapenga."

Anadzuka, anatenga tsache lomwe linatsamira khoma la galaja, n'kuyamba kusesa masamba. Anasesa kamodzi, anasesa kawiri. Nthawi ya kachipangizo kaja inakwana, ndipo injini inazima yokha.

Sipanala anayang'ana galimoto, anayang'ana tsache. Sayansi inathera pomwepo. Anathamangira kushedi, anabwera ndi reki, n'kuyamba kukokola kapinga ndi changu chomwe sanachionetsepo pa ganyu iliyonse.

"Nanga ine?" anafunsa Grain.

"Pukutani galasi, achimwene," anatero M'busa. "Chilichonse chomwe dzanja lingafike."

Alonda a kampani yolondera mumsewuwo anafika posakhalitsa, chifukwa azungu onse oyandikana nawo anali ataimba foni kuti kwa Morton kukulira mfuti. Anatsegula geti ndi rimoti yawo n'kulowa mfuti zili m'manja. Anapeza anthu awiri akusamalira pabwalo mwakhama, ndi wachitatu wa suti ali m'galimoto, akupukuta sitiyaringi ndi tayi. Mkulu wa alondawo ankamudziwa Grain, ndipo anatsitsa mfuti. Zinkaoneka ngati anyamata a m'gadeni akugwira ntchito ya Loweruka, ndipo akanangokhala chete mwina akanawapatsa moni n'kumapita.

"Heita," anatero mkuluyo. "Mwaonako anthu achilendo kuno?"

M'busa anagwetsa tsache n'kukweza manja. "Ndife tomwe, bwana," anayankha m'Chingerezi chake chonse. "Akuba ake ndife. Tavomera. Ingowaimbirani abwana atimasule, tasesa mokwanira."

Mkulu wa alonda anatenga nthawi kuti amvetse, ndipo atamvetsa anakhala pansi pakapinga kuti aseke bwino. Kenako anadzuka, anatulutsa foni, anajambula Grain kudzera pawindo, n'kutumiza chithunzicho kugulu la pafoni la anthu a mumsewuwo kuti mitima ikhale pansi. Atatero anapisa dzanja m'galimoto, anagwira kachitsulo ka pamimba kaja ndi zala ziwiri n'kukapotokola pang'ono. Malamba onse anayi anagwa.

Pagulu la mumsewu lija panalinso antchito a m'nyumba. Mmodzi wa iwo anali Naomi, wa nyumba yoyandikana, kwawo ku Ntcheu komweko, mayi wosadziwa kusunga chinthu chabwino yekha. Apolisi asanafike n'komwe, chithunzi chinali chitawoloka malire awiri, chitazungulira mudzi wonse, n'kubwerera ku Pretoria.

Atatuwo anali atakhala pansi m'mbali mwa galaja, manja kumbuyo, pamene foni ya Grain inalira m'thumba la jekete. Mkulu wa alonda anaitulutsa, anaona dzina, ndipo mwa chifundo chake anaiyankha n'kuiika pakhutu la mwini wake. Kumbuyo kunkamveka phokoso la mabasi a pa Bosman.

"Mkamwini," anatero Bambo Elson, mawu ali ofatsa. "Ndafika bwino."

"Mwafika, bambo? Ine ndachedwa pang'ono, kuno kuli..."

"Musavutike, ndapeza takisi. Chithunzi ndachiona. Jenifer ndi amene wanditumizira."

Grain anatseka maso. Akanakonda kuti mfuti zija zikhale zenizeni.

"Chatuluka bwino kwambiri," anapitiriza mkuluyo. "Zaka zonsezi ndimadandaula kuti simulowamo. Lero mwalowamo, mpaka anthu achita kukutulutsani." Anatsokomola pang'ono. "Jenifer akuti ndikuuzeni kuti mphunzitsi uja wabwera kudzamupepesa. Wabwera panjinga yake ija. Ndi yakale, imatulutsa utsi, koma akazula kiyi imazima."