Kamakina Kamene Kanakana a Tsegula

A Tsegula anathera moyo wawo wonse pa timakina ta magemu togwira m'manja tija, koma gemu sanasewerepo ngakhale kamodzi. Ntchito yawo inali kuthyola loko wa m'kati mwa timakinato kuti tizilola magemu okopera, osagula. Kakangotseguka, chidwi chathera pomwepo. Ankakaponyera mwiniwake n'kunena kuti, "Tenga, kalibe khalidwe aka."

Mkazi wawo ankasoka zovala pakhonde la kashopu komweko, ndiye ankamva zonse. Makina osokera akangoti zii, ankamva bambowo akugawa maudindo pashelefu. Kamtundu kena kakale anakatcha Chidakwa. "Aka ungokalowetsa memore khadi, kayamba kale kuulula zonse usanakafunse." Kena kanali Mlonda, koopsa pamaso, koma ukadikira pang'ono kagona, iwe n'kulowa. Ndiye panali Apongozi. Amenewo ankafuna kuwapita pansi, kumasula tizitsulo mwaulemu, kuwotcherera kawaya utagwira mpweya, ndipo ukalakwitsa pang'ono sakulankhulanso mpaka kalekale.

"Nanga ine munandiika pati?" mayiwo anafunsa tsiku lina.

"Inu amayi? Ndinakutsegulani ndi botolo limodzi la zoziziritsa kukhosi. Muli kunsi kwa Chidakwa."

Tsiku limenelo a Tsegula anagona ndi njala.

Chinsinsi ndiye sichinkagona m'kamwa mwawo. Abusa ena anabwera mozemba, kamakina kali m'thumba la jekete, n'kunong'ona kuti n'ka mwana wa mlongo wawo. A Tsegula anakuwa mpaka wometa wa shopu yoyandikana anasiya mutu wa munthu pakati. "Abusa, ndiike a mpira, kapena owomberana aja munawakonda ulendo watha?"

Mwana anali naye mmodzi, wamwamuna, amene anakulira kunsi kwa tebulo lomwelo. Anaphunzira za makompyuta, napeza ntchito kunja pakampani yopanga magemu. Atabwera kudzawaona, anaima pakhomo la shopu n'kuyang'ana shelefu ija nthawi yaitali.

"Bambo, gemu imodzi timaipanga zaka, osagona tulo. Inu mumangoigawa ngati madzi. Kumeneku n'kuba."

"Wadya zakubazo mpaka wamera ndevu, lero ndiye wapenya?"

M'mawa mwake mwana ananyamuka osatsanzika. Kuchokera pamenepo foni ankaimbira amayi ake okha, ndipo a Tsegula akamva ikulira ankayamba kukhomakhoma zinthu zosafunika kukhoma.

Patapita nthawi kunabwera pasulo. M'kati munali kamakina katsopano konyezimira, kali kale ndi gemu ya mpikisano wa magalimoto, yogula mwachilungamo. Pafoni mwanayo anati, "Amayi, muwauze azikayatsa Lamlungu masana. Ndiziwadikira pa intaneti, tizithamangitsana. Kulankhula n'kosafunika, angobwera."

Mayiwo anapereka uthengawo mtima uli m'mwamba ndi chimwemwe. A Tsegula anakatembenuza kamakinako, kukanunkhiza, kukagogoda ndi chikhadabo.

"Mwana ameneyu akundiyesa. Wanditumizira chosatseguka kuti azindiseka."

"Wakutumizirani kuti muzisewera naye, bambo inu!"

"Ine kulowera pakhomo ngati kasitomala? Ndikatsegule kaye, aone kuti bambo ake si munthu wamba. Ndikatero ndimuthamangitsa mpaka alire."

Nkhondo inayambira pamenepo. Anakanyengerera, anakatukwana, anakaonetsa hamala. Wometa uja anawalangiza kuti akaike padzuwa mwina kafewa, iwo anamuthamangitsa ndi sikuludilaiva. Ankapita nako kunyumba n'kukagoneka pambali pa pilo, mpaka mayiwo anayamba kukapatsa moni. "Mwadzuka bwanji, mkazi mnzanga?" Dzina pashelefu kanalibe, chifukwa kanaposa ngakhale Apongozi.

"Kouma mutu ngati mwiniwake," ankatero a Tsegula.

"Ngati bambo ake a mwiniwake," mayiwo ankayankha singano ili kukamwa.

Anthu ankaseka, mayiwonso ankaseka nawo, koma Lamlungu likafika kuseka kunkawathera. Madzulo foni inkalira, mwana n'kungoti, "Sanabwere."

"Atanganidwa, mwanangu. Sabata yamawa."

Mayiwo ananama choncho sabata ndi sabata. Chimene ankaopa mayiwo chinali chakuti tsiku lina mwana adzatopa n'kusiya kudikira, ndipo anthu awiri amene ankawakonda padziko pano adzathera pa mawu oyipa a pakhomo la shopu aja.

Mwana sanatope. Amene anatopa ndi thupi la a Tsegula. Anayamba ndi maso, kenako manja ankanjenjemera moti tizitsulo tinkangogwera pansi, mayiwo n'kumatola. Chifuwa chitawagoneka m'chipatala, anawakoka mkono mayiwo n'kunong'ona, kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo.

"Amayi, katsala pang'ono kugonja. Mumuuze asatope."

Anatisiya Lamlungu lisanafike.

Mwana anabwera kumaliro. Zonse zitatha analowa m'shopu muja, napeza kamakina kali chafufumimba patebulo, kumsana kuli zipsera zokhazokha za sikuludilaiva. Anakhala pampando wa bambo ake n'kubwezeretsa tizitsulo tonse m'malo mwake, misozi ikugwera pakamakinako.

"Sanakatsegule?"

"Sanakatsegule, mwanangu."

"Kwa iwo kanali kosakhoma, amayi. Kunali kungodina batani ili."

Anawasonyeza batanilo, ndipo patapita masiku anabwerera kuntchito.

Msewu uja tsopano uli zii. Wometa amameta mitu mpaka kumaliza popanda womudodometsa, ndipo akuti ntchito sikukomanso. Abusa amadutsa maso ali pansi. Chidakwa, Mlonda ndi Apongozi angokhala pashelefu kumadya fumbi, palibe wowanyoza. Mayiwo amasokabe pakhonde, koma makina akati zii amafulumira kupondanso, chifukwa bata limenelo limawapweteka.

Lamlungu lina masana, kusungulumwa kutawakwana, anatsegula shopu, nakhala pampando uja n'kudina batani. Sikirini inawala. Panaoneka msewu, kagalimoto koyera kolembedwa kuti Bambo, ndipo pambali pake kagalimoto kofiira kali chiimire, injini ikulira. Mwana uja anali adakabwerabe.

Mayiwo chiwongolero sanachigwirepo chibadwire. Mpikisano utayamba anagunda khoma, kubwerera chambuyo, kugunda mtengo, kulowa m'madzi. "Pepani, pepani," ankatero kupepesa mitengo, akuseka uku akulira. Kofiira kaja kanathamanga n'kuzimiririka, iwo n'kuganiza kuti basi, wapita.

Anakhotakhota choncho mpaka anatulukira pakona yomaliza. Kagalimoto kofiira kanali kataima pafupi ndi mzere womalizira, osauwoloka, kakudikira kuti Bambo afike.