Mthuthuthu wa malemu bambo

Lolemba, 8 Ogasiti

Loweruka tikuvundukula chiliza cha malemu bambo ku Mlangeni, kwawo. Amayi apempha chinthu chimodzi chokha: akafike kumandako atakwera mthuthuthu wa amuna awo, umene ankayendera ali mlangizi wa zaulimi. Ine ndavomera msanga, pamaso pa anthu. Pakamwa pangapa!

Ndautulutsa m'chipinda chosungira mbewu ya kachewere. Zaka zisanu ndi zinayi uli chiimire. Matayala ndapopa, akugwira mpweya. Ndatsegula thanki. Fungo lake, abale! Petulo wakale uja wasanduka phala lofiirira, ndipo m'mbali monse ndi dzimbiri lokhalokha.

Sindikudandaula. Masiku alipo asanu.

Lachiwiri, 9 Ogasiti

Thanki ndaimasula. Zofunika:
timiyala ta kumtsinje, manja awiri
palafini, botolo limodzi
munthu wokhutchumula

Wokhutchumulayo ndi ine. Ndakhutchumula mpaka mapewa kuwawa, kenaka nzeru zabwera. Ndaikulunga m'chiguduli, ndaimangirira ku gudumu la ngolo, ndipo tikupita kudimba kukatenga kabichi. Ng'ombe zikugwira ntchito ziwiri osadziwa. Njira yonse kuli khotcho khotcho, anthu onse a kwathu kuno ku Biriwiri atuluka kudzaona.

Amake Tadala, akazi anga: "Inu, mukanangopita nayo kwa makaniko."

Mlimi ali ndi nzeru zake.

Lachitatu, 10 Ogasiti

Ndakhuthula. Zatuluka: dzimbiri lodzadza mbale, chisa cha mavu, ndi timiyala tonse kupatula kamodzi kamene kakana. Ndikagwedeza kakulira mkatimo.

Koma kuwala kwake! Ndikasuzumira ndikuona chitsulo choyera mbee. Ndathira petulo lita imodzi monyadira.

Akudontha. Malo asanu ndi awiri. Kunsi konse kuli ngati sefa.

Ndiye kuti dzimbiri lija ndi limene limatseka mabowo. Ndachotsa ndi manja anga chimene chimagwira thanki. Ndakhala pa mtondo nthawi yaitali, kungoiyang'ana.

Lachinayi, 11 Ogasiti

Mutu umodzi susenza denga. Ndapita nayo kwa a Ngozo owotcherera pamsika.

Aigogoda ndi chala, ainunkhiza, andibwezera. "Achimwene, thanki ya petulo siyandikira moto. Mukufuna ziliza zikhale zitatu, cha bambo anu, chanu ndi changa? Komanso chitsulochi chatha, chili ngati pepala."

Andiuza za sopo wa mtanda: kumukanya ndi shuga n'kumata pamabowo. Akuti petulo sasungunula sopo. Ndamata masana onse ngati ndikuzira nyumba. Sopoyo ndi wochapira wa amake Tadala, sakudziwa.

Amayi adutsa ndi khasu. "Injiniyo ilira?"

"Ilira, amayi."

Mtima ukundiwawa, chifukwa akukhulupirira.

Lachisanu, 12 Ogasiti

Injini yalira! Ndaponda kiki kakhumi ndi kasanu, yatsokomola, yalira! Amayi atuluka m'nyumba, aima pakhomo, dzanja pakamwa.

Koma utsi wake. Mwaye wa zaka zonse zija watulukira kumbuyo nthawi imodzi, ndipo kumbuyoko kuli chingwe choyanikira. Pachingwepo pali bulauzi yoyera ya kumpingo ya amake Tadala, yoti avale mawa. Tsopano ili ndi madontho ngati nkhanga. Za sopo adziwanso.

Ndayenda mpaka pamjigo, yazima. Mu kabuleta, modutsa petulo popita ku injini, muli sopo, shuga ndi nsenga zakuda. Ndatsuka ndi mswachi wanga.

Thanki ndaileka. Mawa petulo akhala m'botolo la mafuta ophikira, lomangidwa ndi mphira pa handulo, kapaipi kutsikira ku injini.

Loweruka, 13 Ogasiti

Ena onse atsogola pa minibasi. Amayi akhala kumbuyo cham'mbali, chitenje chatsopano, duku lomanga bwino. Tikuyenda! Mphepo ya Ogasiti ikutimenya, iwo akuimba nyimbo ya kutchalitchi chapansipansi.

Pa chitunda chachiwiri: thu, thu, zii.

Ndaponda kiki mpaka nsapato kung'ambika. Palibe. Lole ya kabichi yatinyamula, ife ndi mthuthuthu womwe, n'kutitsitsa pamphambano ya kumudzi.

Amayi akweranso. "Ndinati ndikafika nditakwera. Kankha."

Ndikukankha. Mchenga, thukuta, suti yobwereka. Tafika kumanda abusa atayamba kale pemphero. Anthu atsegula maso mmodzimmodzi. Alamu anga akuluma milomo, azakhali abisa nkhope m'chitenje, mapewa akugwedezeka. Manyazi amene ndamva, nthaka ikanangong'ambika ndilowe.

Chiliza tavundukula. N'chokongola, dzina analemba bwino.

Lamulungu, 14 Ogasiti

Kutchalitchi sindipita, msana wakana. Mthuthuthu watsala ku Mlangeni, pakhonde la azakhali. Amake Tadala akundiyankhula mawu amodziamodzi.

Masana ndapita kwa amayi kukapepesa. Ndawapeza akusankha nyemba. Ndati ndawachititsa manyazi pamaso pa abale a bambo.

Aseka mpaka misozi. "Iwe, ukuganiza kuti chinthu chimene chija chinayamba chafikapo ku Mlangeni chikulira? Bambo ako ankandikankha kuyambira pamphambano pomwe paja, akutukwana thanki chamumtima. Dzulo nditamva wefuwefu pambali panga, sindinafune kucheuka. Ndimati ndi iwo."

Apitiriza kusankha nyemba, misozi osapukuta. Ndakhala pansi, ndikuwathandiza.

Mthuthuthu ukhale komweko. Sindikautenga.