Mmene Makina Olembera Anandithamangitsira Apongozi

Anthu akamandifunsa chifukwa chake ndinakwatira mochedwa, imvi zitayamba kale kusuzumira, ndimanamizira ntchito. Zoona zake n'zakuti mkazi amene ndinkamufuna ndinamuthamangitsa ndekha, pamodzi ndi bambo ake, mayi ake, azing'ono ake ndi mbuzi zomwe. Sindinawatukwane ndipo sindinamenye munthu. Ndinangowalembera kalata yooneka bwino kwambiri.

Zinali zaka za m'ma 1950, nthawi ya Apwitikizi, Lichinga ikutchedwa Vila Kabrali. Ine ndinali mnyamata wolemba pa makina mu ofesi ina ya boma, ndipo ndinkakhala ndi amalume anga ku Lulimile. Ntchitoyo ndinkainyadira koopsa. Mzungu akakhwatchakhwatcha zake, ine ndinkazigogoda pa makina n'kutuluka zoyera, mizere yowongoka. Koma dzanja langa lenileni linali lomvetsa chisoni. Aphunzitsi kusukulu ankati pamene ndalemba ine pamakhala ngati papalasa nkhuku (ndipo sankanama, nthawi zina ine mwini ndinkalephera kudziwerenga). Paja amati ukaipa dziwa nyimbo. Nyimbo yanga inali makinawo.

Mtsikanayo dzina lake linali Marita, mwana wa a Matiya, asodzi a ku Meponda. Tinaonana pa ukwati wa msuweni wanga kumeneko. Iye anaphunzira kuwerenga kusukulu ya mishoni pamene ankakhala kwa azakhali ake, ndiye tinagwirizana zomalemberana. Positi yathu anali Che Saidi, bambo wina wogula usipa wouma kunyanja n'kumakwera nawo phiri pa njinga kudzagulitsa kumsika wa m'tauni. Ine ndinkalemba ndi pensulo pa timapepala tong'amba, nditatsamiritsa pa bondo nthawi yopuma masana. Mayankho ankabwera atapanikizidwa m'dengu, moti ndikatsegula mu ofesi anzanga ankayamba kununkhiza m'mwamba n'kumafunsana kuti wabisa ndiwo ndani.

Makalata a Marita anali aafupi. Ina imene sindiiwala inati: "Kuno tili bwino. Mwera wavuta, bambo sanalowe panyanja. M wanu amaoneka ngati bwato lotembenuzika, koma ndikamuona ndimadziwa kuti ndinu, ndipo ndimaseka ndekha."

Munthu wanzeru akanasangalala. Ine ndinakhumudwa. Mlembi wa boma, wogogoda makina ndi zala zonse, kusekedwa ndi mtsikana wa kunyanja chifukwa cha chilembo chimodzi. Ndinasunga kamangawa kameneko mumtima.

Kenako panabwera kalata yopanda nthabwala. Mnyamata wina wa m'mudzimo anali atabwera kuchokera ku Joni ndi njinga yatsopano, mabulangeti ndi galamafoni, ndipo abale ake anali atayamba kuzungulirazungulira pakhomo pa a Matiya. Bambowo akuti anafunsa kuti kodi wa kumtunda wongotumiza mapepala uja alibe abale? Marita anamaliza ndi mawu akuti: "Alembereni bambo muwauze tsiku limene amalume anu adzabwere. Ine mtima wanga mukuudziwa. Musachedwe."

Amalume sanavute. Anati tikangomaliza kukumba mbatatesi tidzatsika, ndipo ine ndilembe kalatayo msanga. Apa ndi pamene satana anakhala pa phewa langa.

Poyamba ndinalemba ndi pensulo monga mwa nthawi zonse. Nditaiyang'ana ndinakumbukira galamafoni ya mnzangayo, n'kuona kuti nkhuku zanga zopalasa sizingapikisane nayo. Masana mzungu wathu atapita kukadya, ndinakhala pa makina. Chinyanja chathu chitatuluka pa pepala chinandionekera chosavala, ndiye ndinaching'amba n'kuyambiranso m'Chipwitikizi. Chipwitikizi chimene ndinkachidziwa ine chinali cha mu ofesi basi, moti kalata yofunsira mbeta inayamba ngati ikupita kwa bwanamkubwa. (A Matiya Chipwitikizi chawo chonse chinali "sim sinyolo", ndipo ine ndinkadziwa zimenezo.) Maganizo anga anali akuti akaitengera kwa mphunzitsi wa mpingo, iye akaiwerenga pagulu, mudzi wonse ukadziwa kuti mkamwini akubwerayu si wamasewera.

Kalata yokongola chotero sikanayenera kupindidwa ngati ndudu. Ndinatenga envelopu ya khaki ya mu ofesi, n'kugogodapo dzina la a Matiya m'zilembo zikuluzikulu. Pambali panga chidindo cha boma chinali chitangokhala osagwira ntchito. Ndimati ndikauza anthu kuti dzanja linapita lokha sakhulupirira, koma linapitadi, ndipo chinatuluka chowala bwino pakona.

Ndinathamangira kumsika koma Che Saidi kunalibe. Anzawo anati njinga yawo yathyoka foloko, sabata imeneyo sakwera. Mawu aja akuti musachedwe ankandilira m'makutu. Pobwerera ku ofesi ndinapeza sipayi wina pakhomo akumanga nsapato. Masipayi anali apolisi achikuda a Apwitikizi, ovala khaki ndi chisoti chofiira, chikoti m'manja. Ndinamufunsa kumene amalowera.

"Ku Meponda, sinyolo."

Ine ndinati Mulungu wayankha. Ndinamupatsa envelopu ija.

"Mukaipereke m'manja mwa a Matiya eni ake, osati kwa wina aliyense."

"Poronto, zatheka, sinyolo. Ine munthu ndikamufuna ndimamupeza, ngakhale abisale m'nkhokwe."

Mawu amenewo akanayenera kundidzutsa. Masiku amenewo envelopu ya khaki yokhala ndi chidindo, yobwera ndi sipayi, inkatanthauza chinthu chimodzi kumudzi: chibalo. Munthu ankatengedwa kukakumba misewu kapena kukadula khonje kutali kunyanja yamchere kwa miyezi yambiri, ndipo ena sankabwerako. Ine ndinkazidziwa bwino kuposa wina aliyense, pakuti mayina a otengedwawo ndinkawagogoda ndine pa makina omwewo. Koma tsiku limenelo m'mutu mwanga munali galamafoni yokha.

Mbatatesi zitakumbidwa tinanyamuka. Amalume anatenga tambala wamkulu ndi kadengu ka nyemba. Ine ndinavala jekete, tayi ndi nsapato zobwereka zimene zinkandiluma zala. Kumtunda kwathu kumazizira, koma tikutsetsereka kunkatentherabe, ndipo pofika ku Meponda dzuwa lili paliwombo ndinali nditanyowa mpaka m'masokosi. Ana amene ankasewera panjira atangoona jekete anabalalika. Amayi awiri analowa m'nyumba n'kutseka. Ndinauza amalume kuti anthu akunowa ali ndi ulemu.

Pakhomo pa a Matiya panali zii. Chitseko chinali chomangidwa ndi luzi, khola lili pululu, pathandala loyanikapo nsomba palibe ngakhale kausipa kamodzi. Pamchenga pamene pankakhala bwato lawo panangotsala mkukuluzi wolowera m'madzi. Tinaodira kangapo mpaka tambala wathu ndi amene anayankha.

Che Saidi tinawapeza chapafupi, akulongedza usipa m'dengu. Atandiona anapukusa mutu.

"Pepani achimwene, mwachedwa. Anthu anu anapita."

"Anapita kuti?"

"Ku Makanjira, kwa Angelezi. Boma linawafuna a Matiya."

Anatifotokozera zonse. Sipayi uja anaima pakati pa mudzi n'kufuula dzina la a Matiya, anthu onse akumva. Atapereka envelopuyo anaitanitsa nkhuku, anadya, n'kumapita. A Matiya anaigwira pakona ndi zala ziwiri. Palibe anaitsegula, chifukwa kumeneko ankakhulupirira kuti pepala la boma ukalitsegula ndiye kuti wavomera. Anaitana Marita, monga wodziwa kuwerenga, kuti aone kunja kokha. Iye anaitembenuza uku ndi uku n'kunena kuti dzina ndi la bambo ake, chidindo ndi cha boma, ndipo wolembayo sakumudziwa. M'mawa mwake kusanayere, banja lonse linali m'mabwato. Amuna ena awiri oyandikana nawo anatsatira, poganiza kuti mawa zili pa iwo.

"Koma mnyamata wa ku Joni uja, Mulungu amudalitse," anapitiriza Che Saidi. "Ali ndi abale ku Makanjira. Ndi amene anawapalasira bwato, ndipo malo okafikira anawapezera ndi iyeyo. Njinga yake anaisiya pompano, ine ndi imene ndikukwera."

Amalume anaika tambala pansi pang'onopang'ono. Sanandiyang'ane.

"Mphwanga, kalata ndinakuuza ija unaitumiza bwanji?"

Ndinayankha motsitsa mawu, koma Che Saidi anamva. Anasiya usipa, anavula kofiya, anaivalanso.

"Walahi achimwene. Miyezi yonseyi ndakunyamulirani mapepala, sipanafe ngakhale nkhuku ya munthu. Sabata imodzi yokha njinga kuthyoka, inu mwasamutsa mudzi?"

Kenako anayang'ana uku ndi uku n'kutiuza kuti tinyamuke anthu asanadziwe, chifukwa akazi a amuna awiri aja anatsala okha ndi ana, ndipo anali ndi mikono yozolowera kusinja.

Ulendo wokwera phiri sindidzauiwala. Amalume anandisenzetsa nyemba ndi tambala yemwe. Nsapato ndinazivula n'kuzikoleka m'khosi. Njira yonse anangoyankhula kamodzi, titaima kuti tipume.

"Sukulu tinakulipirira kuti uzitithandiza. Koma basi, madzi akatayika saoleka."

Ine sindinavomereze. Kupita ku Makanjira sikunatheke, chifukwa pankafunika chiphaso, ndipo wopereka chiphasoyo anali mzungu yemwe ndinamubera chidindo. Ndiye ndinatenga pensulo n'kulemba kalata yaitali kuposa zonse, nkhuku zikupalasa mmene zingathere, kufotokoza uchitsiru wanga wonse ndi kupempha kuti abwerere. Che Saidi anaipereka kwa asodzi odutsa malire. Ndinadikira. Tsiku lililonse la msika ndinkaima pafupi ndi madengu a usipa ngati mphaka. Chilimwe chinatha, mvula inagwa, chimanga chinafika m'chiuno.

Yankho linabwera tsiku lina la mvula, litanyowa pakona, likununkha usipa monga kale. Sindinalitsegule mu ofesi. Ndinapita kuseri, pansi pa mitengo ya paini.

"Kalata yanu yafika. Ndinaizindikira ili m'manja mwa munthu, asananene kumene yachokera. Ija ya khaki ndinaiyang'ana kutsogolo ndi kumbuyo kufunafuna M wanu, pakuti dzina la bambo limayamba ndi iyeyo, koma sindinamupeze. Mukanalemba ndi dzanja lanu, ndikanawauza bambo kuti tisapite. Tsopano ndine mkazi wa mwini. Bambo anati munthu amene anatipulumutsa sitingamukanize. Pothawa tinasiya mtondo ndi mphasa, koma timapepala tanu takale ndinatimanga m'nsalu ndipo ndili nato. Musalembenso."

Ndinalira pamenepo, tayi ili m'khosi, mpaka belu la ofesi linalira. Chimene chinkandipweteka kwambiri sichinali galamafoni kapena mwini wakeyo. Chinali chakuti chinthu chimene ndinkachita nacho manyazi ndi chimene mtsikanayo ankandidziwira, ndipo pa tsiku lokhalo limene chinafunika ndinachibisa.

Sindinamuonenso Marita. A Matiya ndinamva kuti anamwalirira komweko, osabwereranso pagombe la makolo awo, ndipo mpaka imfa yawo sankafuna kumva dzina langa (ndani angawadzudzule). Ine ndinakhalabe pa makina aja zaka zambiri. Patapita nthawi yaitali ndinakwatira mkazi wabwino, wodekha, amene anandipirira mpaka Mulungu anamutenga. Sindinamulemberepo kalata ngakhale imodzi. Ankati ndi ulesi, koma anali mantha.

Timakalata ta Marita ndikadali nato m'kachitini ka tiyi. Fungo la usipa linatha kalekale, ngakhale nthawi zina ndimanunkhizabe ngati wamisala. Pensulo ikufufutika, koma ndikatsegula ndimamuona mmene ankasindikizira mwamphamvu polemba dzina langa, mpaka pepala kutumphuka kuseri. Za mu kalata yanga ya Chipwitikizi ija sindikumbukira ngakhale mzere umodzi, ndipo sindikhulupirira kuti alipo anaiwerenga.

Adzukulu a mlongo wanga akamabwera kudzandiona ndimawauza kuti ukamukonda munthu umulembere ndi dzanja lako, likhale loipa chotani, kuti akakuone uli kutali. Amavomera mwaulemu n'kumayang'anana. Mwina akudziwa kuti wolalikirayo sanatembenuke. Nkhani inoyi ndinayamba kuilemba ndi pensulo, koma nditafika pa dzina la Marita ndinamuona M uja atatembenuzika pakati pa pepala, ndipo sindinathe kupitiriza. Ndinapukuta fumbi pa makina anga akale n'kuyamba kugogoda.