Balere Wodya Yureya Katatu

Lolemba
Balere wanga! Ndaima pakati pa dimba, ngala zikundifika m'chiuno. Ndani ku Kanakantapa kuno anaonapo zotere? Wa anzanga m'gulu ndi wamfupi, wauma kale. Wanga wamtali, masamba akadali obiriwira. Mpaka ndikuchita naye mantha.
Lachisanu akubwera a kampani ya mowa kudzayeza njere. Akalandira, dimba la kumtsinjeli ndi langa, atate analonjeza. Akakana, lipita kwa mlamu wanga ba Esnati, adzalemo tomato.
Ba Esnati omwewo, nthawi yozizira ija: "Kaudzu kako kayezuka monga kali na maleliya." Sindinaiwale. Tsiku lomwelo ndinathira yureya. Mlangizi anati kamodzi basi, pang'ono. Ine katatu, ngati chimanga. Kachitatu ngala zitatuluka kale.

Lachiwiri
Kamvuluvulu masana. Theka la dimba lagona ngati mphasa! Wa anthu ena, wamfupi uja, ali chiimire.
Zofunika:
mitengo
chingwe
chotsekera pakamwa pa ba Esnati
Ndikudzutsa phesi limodzi, likugwanso. Mapesi alipo ngati tsitsi. Ndasiya.

Lachitatu
Ba Zulu, mlangizi, afika pa njinga yamoto. "Munathira kangati?" Ine: kamodzi. Akuyang'ana dimba, akuyang'ana ine. Chabwino, kamodzi katatu.
Azula phesi, andionetsa mizu. Akuti yureya ndi nayitirojeni. Mbewu ikamupeza imakula msanga, njala yake imakulanso, imakoka ndi zakudya zina za m'nthaka kuposa kale. Phesi limatalika koma lofewa, ndiye kugwa kuja. Tsono wothira mochedwa sapitanso kumasamba ayi, amalunjika m'njere, n'kusanduka puloteni.
Ndangoti kukamwa yasa. Timiyala toyera tija, tonga mchere, tinasungunuka, tinakwera phesi lopanda makwerero, n'kukakhala m'kanjere kochepa kuposa chikhadabo changa! Kusukulu tinajambula muzu pa bolodi, palibe anatiuza kuti umagwira ntchito chonchi, chete, ife tikukangana pamwamba pake.
Ndati, puloteni si ndiye zabwino? Ba Zulu: "Kwa mwana, inde. Ba mowa afuna ufa mukati. Puloteni ikachuluka mowa uchepa, uchita na chifunga."

Lachinayi
Kumweta, kupuntha, kupeta. Msana!
Ndadula njere ziwiri ndi lezala. Ya mnzanga Tisa: yonenepa, m'kati mbee, ufa wokhawokha. Yanga: yowonda, yolimba, yonyezimira ngati galasi. Ndayang'ana mpaka maso kuwawa. Zonse ndinachita zalembedwa m'menemo.
Maganizo:
kuzitsuka (ba Zulu aseka)
kusakaniza ndi za Tisa (Tisa wakana, ndamulemba mumtima)
kupemphera

Lachisanu
Munthu wa kampani ali ndi kamakina konga wailesi. Athira njere dzanja limodzi, kalira, kaonetsa nambala. Za Tisa zalowa. Za onse zalowa. Zanga ayeza kawiri, aitana mnzawo adzaone. "Mayi, iyi barele munali kuipatsa nyama?"
Balere wanga amukana.
Koma kamakinako! Sikanalipo tsiku lomwe ndinkawaza yureya nditakwiya, ndili ndekhandekha. Kadziwa bwanji? Kafunsa njere, njere yaulula.

Loweruka
Matumba ali pakhonde, palibe wowafuna. Afika ba Esnati, ayika dzanja m'thumba, anunkhiza. "Mulamu, namvela ati ili na puloteni maningi. Nipaseko, nkhuku zanga zizakondwela."
Nkhuku zawo!
Ndawapatsa thumba limodzi. Ndalowa m'nyumba.

Lamlungu
Abusa alalikira za kukhululuka. Ndayang'ana denga.
Atate apereka dimba. Ba Esnati ayamba kale kuyeza mizere ya tomato, akuti nthaka "yadya bwino chaka chino".
Ndasunga njere zodzaza chikho m'botolo, pawindo. Ndikuziyang'anabe. Mawu amodzi a mlamu, ine ndinawasunga miyezi inayi. Balere anasunga yureya wanga yense, kambewu kalikonse, osaiwala ngakhale kamwala kamodzi, n'kudzandineneza pamaso pa anthu.
Ndimati wosakhululuka m'boma lathu lonse la Chongwe ndine. Ndapeza mkulu wanga.
Nkhuku zija, tsiku limodzi lokha, ndikuziona ngati zikunenepa.