Beseni la Miyendo Isanu ndi Umodzi

Pa kachasu wa mayi Kadzuwa ku Golomoti, Laisoni, yemwe anadzipatsa yekha dzina loti Injiniya, anakokera anzake awiri pambali.

"Amwene, umphawi watha lero. Mukulidziwa beseni lachitsulo lija la kuminda ya mpunga?"

Ankalidziwa. Linali chibeseni choti mbuzi ziwiri n'kusambamo, chokhazikidwa pamatabwa mkati mwa mpanda wa waya. M'mawa uliwonse mlangizi wa ulimi wothirira, mayi Loyce, ankayezamo kuti aone madzi amene dzuwa ndi mphepo zamwa. Akatero ankadziwa mmene minda nayonso yaumira, n'kuuza alimi madzi oti atsegule. Popanda beseni lija, anthu akanatemana ndi makasu pangalande.

"Chitsulo chonsecho kumamwetsera dzuwa?" anatero Injiniya. "Chija ndi chiwaya cha tchipisi! Kumsika akachilandira ndi manja awiri."

"Za bho!" anakuwa Fabiano, wotchedwa Sipikala chifukwa kunong'ona sankakudziwa. Amosi anangovomera, poti botolo anagula ndi Injiniya.

Anafika masana dzuwa likuswa mtengo, kuminda kuli zii. Anapinda waya, madzi khuthu! Koma kunyamula kunavuta.

"Tilivundikire kumutu tonse atatu," analamula Injiniya. "Palibe atione nkhope."

Analidi ndi nzeru. Anangoiwala kuti iwonso sakaona kanthu kupatula zala za kumapazi.

Chitsulo chinatentha ngati uvuni. Thukuta kamukamu.

"Akulu, tikupsa," anadandaula Amosi.

"Khala chete, njira ili m'mutu mwangamu. Kumanzere!"

Anakhota, anagwera m'matope, anadzuka, anakhotanso. Kenaka Injiniya anamva phokoso la anthu ambiri, mtima wake n'kukhala pansi.

"Tafika pamsika. Sipikala, yamba ntchito."

"Chiwaya chatsopano!" anabangula Fabiano, mawu akulira m'chitsulomo. "Changotsika kumene kuchokera ku Joni! Akugula ndani?"

Phokoso lija linatheratu. Wina anagogoda pamwamba pa beseni, go go go.

Injiniya anatukula pang'ono n'kusuzumira. Pansi pa mtengo wa mango panali alimi onse a mpunga, ali pamsonkhano wogawana madzi. N'chifukwa chake kuminda kunalibe munthu. Pamaso pake panaima mayi Loyce, manja ali m'chiuno.

Injiniya anatsitsa beseni mwakachetechete.

"Ndi kasitomala?" anafunsa Amosi.

"Eya," anayankha Injiniya. "Ndipo wabwera ndi abale ake onse."